Tsiku Losasula Denga

Amuna anga atabwera kuchokera ku Joni ulendo wachitatu, sanadikire n'komwe kuti ndiwaikire madzi osamba. Anati, "Amake mwana, ulendo uno tinyamukira limodzi." Anali atapeza ntchito yokhazikika kwa bwana wina womanga nyumba, ndipo anali atatopa kudziphikira. Ine ndinavina pakati pa nyumba mwana ali kumsana.

Tinkakhala kwathu, m'mapiri a kufupi ndi Kasakula. Iwo anali mkamwini wochokera ku Chezi. Nyumba yathu inali pamalo a amayi, kumunsi kwa khola la mbuzi. Njerwa tinaumba tonse, koma malata, chitseko ndi mafelemu anagula ndi iwo ndi thukuta la ku Joni komweko.

Nkhani inavuta pa kokagona. Anandiuza kuti kumeneko njira ndi ziwiri: kuchita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya munthu, kapena kugula kanyumba ka malata ndi matabwa komwe amati mkhukhu, n'kukhala kakokako. Iwo ankafuna lendi. "Kwa eni sagula nyumba," anatero. "Mlendo ndi mame. Eni dziko aja akapsa mtima amayatsa misasa ya anthu obwera. Wa lendi amathawa ndi chikwama chokha, wogula amapsa akuzimitsa moto. Komanso ogula nyumba ndi amene amatchona."

Koma ine lendi ndinkaidziwa. Ndili mtsikana ndinakhalapo ku Mponela ndikuphunzira kusoka, ndipo mayi mwini nyumba ankandiuza nthawi yosamba, nthawi yotseka chitseko, ngakhale ndiwo zoyenera kukazinga. Tsiku lina m'bale wake atafuna chipindacho, ndinapeza mapoto anga ali pamtsetse wa madzi akubafa. Tsono ndipite dziko la eni ndi khanda, n'kukayambanso kugwadira munthu kuti ndiyanike matewera? Ndinakana.

Tinakangana sabata yathunthu. Kukangana kwake wolankhula ndinali ine, iwo ankangokanda mutu, chifukwa amuna anga ndi munthu wofatsa ndipo ine ndinabadwa ndi pakamwa. Tsiku lina ndinaponya mbale pakhoma, nyemba n'kumwazikira pa kalendala ya mpingo. Potsiriza anagonja, koma anati zomwe anabwera nazo sizingakwane mapasipoti, basi ndi mkhukhu. Ndine ndinaloza kudenga. Ndinati nyumba itsala ya mileme ndi chiswe, malata achita dzimbiri pachabe, pomwe mwini golosale wina ku Kasakula wakhala akufunafuna malata. Tigulitse denga, chitseko ndi mbuzi zitatu.

Amuna anga anati, "Chabwino. Koma mukawauze kaye achimwene anu. Sindikwera padenga asanamve."

Ankadziwa chomwe ankanena. Kwathu mkamwini akakwera padenga n'kuyamba kuzula misomali, palibe amafunsa kuti kwagwanji. Aliyense amadziwa kuti banja latha, munthu akutenga zake, makoma akuwasiya chifukwa dothi si lake. Pabanja pathu tinali titaziona. Mwamuna wa akulu anga anabwera ndi ngolo anthu onse ali kumaliro, n'kusasula denga mvula ili pafupi, ndipo mwana wawo wakhanda anadwala chibayo m'khitchini yodontha mpaka tinamuika. Achimwene anga aakulu, omwe analinso ankhoswe anga, analumbira pamanda pomwepo kuti wina akadzayesanso adzatuluka m'mudzi atanyamulidwa.

Ulendo wa ku Joni sauza anthu tsiku lisanakwane, kuopa a nsanje, choncho ngakhale amayi sankadziwa. Oyenera kumva anali achimwene okha. Vuto linali lakuti ine ndi iwo tinali tisakulankhulana. Titakangana za malire a dimba, anandinyoza pamaso pa akazi awo kuti, "Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Wa ku Joni wakoyo ali ndi wina kumeneko, iwe udzakalamba ukuyang'ana kumsewu." Mawu amenewo anandikhala pakhosi miyezi inayi. Ndinkafuna adzamve tsiku lonyamuka, katundu ali pagalimoto, kuti ndione nkhope yawo.

Ndinakwera chitunda mpaka kunyumba kwawo, ndinapeza alamu anga akupeta mtedza, ndinapempha singano ya makina, n'kubwerera. Amuna anga anafunsa, "Mwawapeza?" Ndinati, "Ndawauza. Akuti zili bwino." Ndinanama maso ali gwa, ndipo iwo anandikhulupirira chifukwa ndinali ndisanawanamizepo.

Linali Lachisanu mu Okutobala, kunja kukutentha m'mawa momwe. Ndinasenza chimanga kupita kuchigayo kuti tikonze ufa wa paulendo. Amuna anga ndinawasiya akuimika makwerero, ngolo ya wogula ikudikira pansi pa mtengo wa mango. M'mapiri mwathu phokoso la lata limayenda kutali, ndipo ndili pamzere kuchigayo ndinkalimva, phwa, phwa, mtima n'kumakoma. Sindinaganize kuti likumvekanso kudimba komwe achimwene ankathirira kabichi.

Pobwerera, nditangodutsa pamjigo, ndinamva mfuu. Ndinathamanga thumba lili pamutu. Theka la denga linali litachoka. Makwerero anali atagwetsedwa, amuna anga ali pamwamba, miyendo atatangadza pamtanda, lata lili m'manja. Pansi panali achimwene ndi amuna ena awiri a kudimba, matope ali m'miyendo, akugenda ndi zidutswa za njerwa.

"Tsika, galu iwe!" achimwene ankakuwa. "Wadya za amayi zaka zisanu, lero ukuti usiye mlongo wanga pamtetete? Tsika ndikuperekeze!"

"Alamu, kodi si mwauzidwa kale?" amuna anga anayankha.

"Ndauzidwa ndi malata!"

Njerwa inawapeza amuna anga pabondo. Anapendekeka, anayesa kugwira mtanda, koma anagwa ndi lata lomwe. M'mphepete mwake munawang'amba dzanja lamanja kuchokera pachikhatho mpaka pachigongono, nyama n'kuyera kaye magazi asanatuluke. Achimwene sanaone zimenezo, kapena anaona koma mtima unali utapita kale. Anatola mpini wa khasu n'kuyamba kuwakhoma kumsana ndi m'nthiti. Enawo ankaponda ndi mabutsi. Mwini ngolo anakwapula ng'ombe zake n'kuthawa wopanda kanthu.

Ndinaponya thumba pansi, linaphulika. Pamtondo wa amayi panali musi, ndipo sindikumbuka kuutola. Ndikumbuka kulemera kwake ndi kulira kwake utafika pakhutu la achimwene. Anagwada, mpini unagwa, anatembenuka n'kundiyang'ana magazi akutsikira m'khosi. Anati, "Iwe? Ine ndikumenyera iwe!" Mmodzi wa amuna aja anandigwira kumbuyo, ndinamuluma pamkono mpaka ndinamva mchere mkamwa. Mwana kumsana anali atalira mpaka mawu kutha.

"Ndikupita nawo!" ndinakuwa. "Tikupita tonse ku Joni! Malatawa tikugulitsa tikagule nyumba, zitsiru inu!"

Amayi anafika akukwawa ndi ndodo yawo, anang'amba chitenje chomwe anavala n'kumanga dzanja la mpongozi wawo, pomwe mwambo suwalola ngakhale kuyandikirana. Ufa unali utasanduka phala lofiira, nkhuku zikujompha m'mbali. Ndinanena zonse tsiku limenelo, kutukwana ndinatukwana mudzi wonse, koma chinthu chimodzi chokha sindinanene.

Tinawatengera onse awiri kuchipatala cha mishoni panjinga zamoto. Amuna anga anawasoka, nthiti ziwiri zinali zothyoka, ndipo adokotala anati mitsempha yaduka, zala zitatu mwina sizidzagwiranso. Linali dzanja logwirira mpeni womangira, lomwe bwana wa ku Joni ankadikira. Achimwene anawagoneka chipinda china, mutu atawakulunga, khutu likutuluka madzi.

Mawa lake abale a ku Chezi anafika ndi ankhoswe akuchimuna, maso ali psuu. Ankafuna nkhani ipite kupolisi. Ndinkayembekeza kuti amuna anga akana, poti ndi munthu wa mpingo wosakonda milandu. Koma anati, "Akanakhala kuti sanadziwe, ndikanawamvetsa. Mwambo ndimaudziwa, ngakhale ine mlongo wanga ndikanamumenyera. Koma munthu wauzidwa, wavomera, kenako n'kubwera ndi mpini? Ameneyo ankafuna kundipha. Akagone kundende."

Ine ndinali pambali ndikuwamwetsa phala ndi supuni. Ndinachita mantha omwe sindinachitepo chibadwire. Ndikanena zoona, banja langa likanathera pabedi pomwepo. Ndikakhala chete, mwana wa amayi anga akanapita kundende chifukwa cha bodza langa, khutu nditamuphulitsa ndine. Ndinakhala chete masiku awiri, ndikuchapa, ndikuphika kukhitchini ya odikirira odwala, ndikupewa khomo la chipinda chinacho.

Tsiku lachitatu amayi anandipeza pampopi. Anali atamva kwa achimwene kuti palibe anawauza kanthu. Sanakalipe. Anangoti, "Mwana wanga, pakamwa pako timapadziwa tonse. Lero patani?"

Nditalowa m'chipinda cha amuna anga, ndinapeza ankhoswe awo atabwera ndi pepala la kupolisi, akuwathandiza kugwira cholembera ndi dzanja lamanzere. Ndinagwada pasimenti, odwala onse akuona. Ndinati, "Bambo a mwana, musalembe. Achimwene sindinawauze. Ndinakunamizani."

Mlongo wa amuna anga, yemwe anali pomwepo, anandimenya khofi lomwe linandigwetsera pansi pa bedi, ndipo sindinabweze, koyamba m'moyo wanga. Ndinkafuna amuna anga nawo andimenye, ngakhale ndi dzanja lamanzerelo, kuti zithere pomwepo. Iwo anangobweza pepala kwa ankhoswe.

"Chifukwa chiyani?" anafunsa.

"Ndinkafuna achite manyazi tsiku lonyamuka."

Anayang'ana dzanja lawo nthawi yaitali, akuyesa kupinda zala zomwe sizinkamva. Kenako anatembenukira kukhoma. Sanandilankhulenso sabata yonse, ngakhale phala ankalandira.

Tsiku lotuluka ndinawanyamulira chikwama mpaka kumsewu. Minibasi yopita ku Dowa itaima, ndinaponda pakhomo kuti ndikwere nawo. Anandigwira phewa mofatsa, anatenga chikwama ndi dzanja lamanzere, anasisita mutu wa mwana. Anati, "Bwererani kwanu, amake mwana. Mvula yayandikira, mukafolere nyumba." Patatha mwezi ndinamva kwa anthu kuti anawoloka okha kupita ku Joni, ndipo poti kumanga sangathenso, akulondera pageti la munthu.

Koma tsiku limenelo ndinkaganizabe kuti ndi mkwiyo wa masiku ochepa. Ndinakwera njinga kubwerera kwathu, ndinatsikira pamjigo n'kuyenda pansi. Ndisanafike ndinamva hamala. Achimwene, omwe anatuluka m'chipatala masiku atatu m'mbuyomo, anali padenga okhaokha, bandeji ili kumutu, akuwongola malata opindika n'kumawakhomera m'mabowo akale.

Ndinaima pansi pawo, mwana ali kumsana, manja ndili nawo kumbuyo. Ndinati, "Achimwene, ndalakwa." Sanacheuke. Ndinabwereza mokweza, misozi ikutsika, ndikuganiza kuti akundinyanyala. Anapitiriza kukhoma. Alamu anga, omwe ankawapatsira misomali, ndi amene anandikoka dzanja n'kunena chapansipansi kuti, "Zungulirani mbali inayo. Uku samva."