Galu Wathu Atatumbulidwa ndi Nguluwe

Tili ku komboni ya mgodi ku Bindura, amuna anga anali ndi galu wofiira wosakira. Loweruka lina masana, tikupalira kamunda kathu kufupi ndi mtsinje wa Mazowe, nguluwe inatulukira m'chimanga. Galu anailumphira pakhosi. Inamugwetsa, n'kumutumbula pamimba ndi mano. Amuna anga anaikhapa ndi khasu pamutu mpaka mpini unathyoka, inathawa ikuchucha magazi.

Ndinakulunga galuyo m'nsalu yanga n'kuthamanga naye kunyumba. Matumbo anali panja, ali dothi lokhalokha.

Alamu anga, akulu awo a amuna anga, ankatsuka zilonda pachipatala cha mgodi. Atamuona galuyo anathamangira kuntchito kwawo, n'kubwera ndi kabotolo ka penisilini, mankhwala amene anali achilendo masiku amenewo. Anamubaya pantchafu, n'kukhala pansi.

"Achimwene, mukudikiranji? Sokani!" anakuwa amuna anga.

"Mankhwala ayambe ayenda m'magazi," anatero alamu. "Thumbo labooka. Ndikalidula tsopano, zoipa zimwazikira m'mimba, aola m'kati."

Galu ankalira ngati mwana. Amuna anga anatola nkhwangwa. "Ndiye ndingomumaliza, asavutike."

Alamu anawagwira dzanja. Analimbana, anagubuduza mgolo wa madzi, kenako alamu anawasasantha chibakera pakamwa, dzino n'kugwa pansi. Ine ndinagonera pagaluyo nkhwangwa isamupeze. Amuna anga analavula magazi, n'kukakhala kuseri kwa nyumba.

Tinawiritsa lezala, singano ndi ulusi. Patapita nthawi alamu anati, "Alamu, gwirani mutu, musasiye." Tinamumanga pakamwa ndi chingwe, koma lezala itangolowa chingwecho chinavuka, galu anandiluma chala chachikulu mpaka pafupa. Sindinasiye. Alamu anatsuka matumbo ndi madzi amchere, anadula pong'ambikapo, kutalika ngati chala, analumikiza, n'kusoka mimba. Fungo lake linandisanzitsa.

Anamubayanso masiku atatu. Tsiku lachinayi galu ananyambita phala, ndipo anakhala nafe zaka zina zisanu, akuyenda mopendekeka.

Kuchipatala anadziwa kuti kabotolo kasowa. Alamu sanakane. Mzungu wa pamenepo anawamenya mbama pamaso pa odwala, n'kuwatumiza pansi pa mgodi kukakankha ngolo za miyala. Kumeneko anakagwera m'gulu limodzi ndi mng'ono wawo, amuna anga aja, ndipo anatha mwezi wathunthu akukankha ngolo imodzi osalankhulana.