Mkulu Amene Ankauza Amuna Anga Kuti Thupi Si Iwo

Chaka chimene amuna anga anadwala sitiroko tinkakhala ku South C, m'nyumba zosanjikizana zija za geti imodzi, momwe umadziwa ndiwo za mnzako usanamudziwe nkhope. Tinabwera ku Nairobi chifukwa cha ntchito yawo ya zamadzi m'bungwe lina lalikulu. Anali munthu wa mawu ambiri, wosakhalitsa pampando. Kuchipatala anabwerako ndi dzanja lamanja lolendewera, mwendo wokwakwaza ndi lilime lolemera. Madokotala anati dzanjalo likhoza kudzuka ngati atalimbikira mafizo. Mawu amenewo ndinawalandira ndi manja awiri, ndipo kuyambira pamenepo chondidzutsa m'mawa chinali dzanja limenelo.

Khomo loyang'anizana ndi lathu linali la mkulu wina wa Chimwenye, wobadwira ku Kenya komweko, amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Akazi awo anamwalira, ana anali kunja. M'mawa uliwonse m'nyumba mwawo munkatuluka fungo la lubani ndi kulira kwa kabelu. Ine ndinakulira ku Limbe, kumene tinkagula nsalu kwa Amwenye chaka ndi chaka koma osapondamo m'nyumba zawo, ndipo zimene tinkanong'onezana za kuseri kwa masitolo awo sindingazilembe pano. Sindinkazikhulupirira zonse. Koma fungo lija likafika kukhitchini, windo ndinkatseka.

Tsiku lina mkuluyo anagogoda.

"Hodi, mama. Ndamva kwa askari wa pageti kuti mzee akudwala. Pole sana, pepani kwambiri."

Kwathu wodzazonda matenda sabwezedwa pakhomo, ndiye ndinawalowetsa. Anabwera ndi kambale ka maswiti oyera, nkundiuza okha, osabisa, kuti ayamba awaika kaye pamaso pa milungu yawo. Ndinathokoza mogwada, ndipo atangopita ndinakawakhuthulira m'bini.

Amalawi anzathu a gulu la mapemphero ankabwera Lamulungu masana. Ankadzaza pabalaza nkumandifunsa ine kuti, "Agona bwanji odwalawa?" chonsecho odwalawo ali pomwepo, makutu ali bwinobwino. Amuna anga akati ayankhe, mawu ankachedwa panjira, wina nkuwamalizira. Tinkaimba, tinkapemphera, iwo nkutsanzika ndi "Muchira, abambo, osadandaula." Ndimawathokoza mpaka lero, chifukwa anatigwira mkono. Koma mkulu uja ankachita zina. Ankakoka mpando, nkufunsa funso limodzi, nkudikira yankho ngakhale litenge nthawi yowiritsa nyemba. Kudekha kumeneko ndi kumene kunayamba kundidetsa nkhawa. Mumtima ndinkati munthu sadekha chonchi pachabe, chilipo chimene akufuna.

Posakhalitsa anayamba kubwera m'mawa uliwonse. Ndikasuzumira kuchokera kukhitchini ndinkawaona onse awiri atatseka maso, akupuma pang'onopang'ono, popanda wotchula dzina la Yesu. Ndinamvanso kuti Loweruka mkuluyo amapita ku kagulu kena komwe Amwenye, azungu ndi Akenya amawerenga mabuku a zauzimu, nkumati zipembedzo zonse zimatunga pa chitsime chimodzi. Ine mpingo wosakana chilichonse ndimauopa kuposa wokana zonse.

Ndinauza mayi wina wa m'gulu lathu, mkulu kwa ine, amene wakhalitsa ku Nairobi. Anaika kapu pansi.

"Asisi, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Amenewa amayamba ndi kupuma. Munthu kutseka maso osapemphera, akutsegulira ndani? Mudzangozindikira abambo asiya tchalitchi, asiya mankhwala, shuwa."

Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndiye m'mawa mwake ndinatenga nyemba zosankha nkukakhala nazo pabalaza pomwepo. Mkuluyo sanadzidzimuke. Anapitiriza ngati palibe wabwera.

"Dzanja ili ukuliona, eti?" mkuluyo anawafunsa amuna anga. "Chimene ukuchiona sichingakhale iwe. Iwe ndiwe ukuonayo. Tsopano yang'ana mantha ako. Nawonso ukuwaona akubwera, akupita. Ndiye kuti nawonso si iwe."

Ndinalephera kupirira. "Pepani abambo, ndilowerere. Ife tinaphunzira kuti munthu ali ndi thupi ndi mzimu, ndipo maganizo ali mbali ya mzimu. Inu mukuwaika kuti?"

"Mbali ya thupi, mama. Kwathu timati maganizo, nyama, madzi, dothi, zonsezi ndi chinthu chimodzi, chilengedwe chimene sichikhazikika. Maganizo ndi opyapyala chabe, koma amatopa, amadwala, amakalamba. Mzimu suchita kanthu. Umangoona. Sitiroko yagunda thupi, yagwedeza maganizo, koma woonayo sinamukhudze."

"Ndiye ngati thupi si iwo, mafizo azipangiranji?"

"Azipanga. Nyumba imene ukukhalamo umaisesa."

Yankho linali losalala kwambiri, ndipo zosalala ine ndimazikayikira. Ndinayamba kuwerengera amuna anga mafizo ndi diso la kapitawo. Akalephera kufinya kampira kamene ankachitira mafizo, ndinkati ndi mkulu uja. Akakhala chete kuyang'ana pawindo, ndinkati akutsanzikana ndi thupi. Mantha anga anali amodzi: kuti munthuyu akuphunzitsidwa kufa mwaulemu, ine ndikuvutika kumukokera kuno.

Zinaphulikira kubafa. Chidwalireni ndinkawasambitsa ndine, ndipo nthawi zonse ankatembenuzira nkhope kukhoma, nsagwada zili gwa, nthawi zina misozi ikutsika. Bambo amene ankayendetsa misonkhano ya mayiko, kukhala pa kampando ka pulasitiki mkazi akumupaka sopo m'khwapa. Zinkandipweteka, koma ndinkadziwa kuti munthu wanga alimo. Tsiku limenelo sanatembenuke. Anangokhala phee, nkhope yosalala, mpaka kumwetulira.

"Lero mwasangalala chiyani?" ndinafunsa.

Mawu anabwera limodzilimodzi. "Sambitsani, mayi. Ine ndikungoonerera."

Ndinaponya chinkhupule m'beseni, madzi nkuthovukira pansi. Ndinapsa mtima kuposa tsiku lina lililonse m'banja lathu.

"Mukuonerera? Ndiye ine ndikusambitsa ndani? Msana ukundiwawawu ndikunyamula ndani? Ine sindinakwatiwe ndi woonerera!" Ndinanyamula dzanja lakufa lija, lolemera, lonyowa, nkuliika pa tsaya langa. "Ili ndi dzanja limene linandigwira paguwa. Linanyamula ana athu. Musalikane pamaso panga. Mawa Mmwenye wanuyo ndimubweza pakhomo, anene zimene anene."

Ndinaona pakamwa pakulimbana ndi mawu, ndipo ulendo uno sindinawamalizire.

"Sindikulikana. Ndi langa. Koma mayi, ndikakhala m'menemu tsiku lonse, m'thupi muno, osatulukako pang'ono..." Anapuma. "Ndimafuna kufa. Mapiritsi aja ndinkawayang'ana. Chibwerere mkulu uja ndinasiya."

Madzi anazizira tili chomwecho. Ine amene ndinkadziwa chala chilichonse cha dzanja limenelo, chimene chagwedezeka ndi chimene chakana, izi sindinkazidziwa. Ndinawapukuta, ndinawaveka, kenako ndinakachotsa mabotolo a mankhwala pa tebulo la kuchipinda nkuwatsekera m'kabati.

Zimene mkulu uja ankaphunzitsa sindinazivomere, ndipo mpaka lero sindizivomera. Ndimakhulupirira kuti thupi ili lidzauka, ndi dzanja lomwe. Sindidziwanso kuti amuna anga akatseka maso ankapita kuti, kapena ankakumana ndi ndani kumeneko. Funso limenelo limandibayabe ndikagwada kutchalitchi.

M'mawa mwake ndinamva kugogoda. Ndinaima kuseri kwa chitseko, dzanja lili pa loko, mtima ukukana. Kuchokera pabalaza amuna anga anaitana ndi lilime lawo lolemera lija, "Mayi, kuli alendo."

Ndinatsegula.