Thayiti ya Kamphepo

Mumsewu mwathu aliyense amawadziwa a Randa, kalipentala wa manja okhakhala amene amakonza mipando ya anthu onse kupatula ya kunyumba kwake. Akazi awo amagwira ntchito kutali, ndiye pakhomo amakhala awiriwiri ndi mwana wawo wamkazi, yemwe anzake kusukulu anamutcha Kamphepo chifukwa cha liwiro.

Mwanayu anali ndi thayiti imodzi yokha yakuda, ya nsalu yotanuka ija, imene amayi ake anamugulira kuti azithamangira. Loweruka lina m'mawa analowa m'nyumba atagwira pantchafu. Thayiti inali itang'ambika mpaka pabondo.

A Randa sanafunse n'komwe.

"Iwe zovala umavala kapena umadya? Kudumpha mipanda ngati mbuzi! Amayi ako ndiwauza chiyani?"

Mwana anakaivula, n'kuiponya pampando, n'kudzitsekera kuchipinda.

Masana a Randa anakhala pabenchi ya pakhonde kuti amange nsapato, ndipo china chake chinawakanda. Kuyang'ana, ndi msomali umene anakhala akuti "ndiukhoma mawa" chichokereni akazi awo. Kumutu kwake kunali kutakola tiulusi takuda.

Anasiya nsapato pansi, n'kulowa m'nyumba kukatenga thayiti ija.

Singano anakaipeza m'chitini cha mabatani. Anasoka mowongoka ngati akulemba mzere pathabwa, koma atangokoka nsaluyo kuti ayese, ulusi wonse unaduka. Anaimbira foni mlongo wawo, yemwe ndi telala.

"Achimwene, imeneyo si saka," anaseka mlongoyo. "Itembenuzeni, mulowetse botolo m'mwendomo kuti nsalu itanuke pang'ono. Msoko uziyenda ngati mano a sowo, ndipo musakokere kwambiri. Wang'amba bwanji mwanayo?"

"Basi, ana," anatero a Randa, n'kudula foni msanga.

Mawu amenewo anawasowetsa mtendere kuposa singano imene inkangowabaya chala. Akatseka maso ankaona mwana ataima pakhomo paja, bondo lili pamtunda, akuwayang'ana.

Dzuwa litapendeka anakagogoda kuchipinda. Msoko unatuluka wokhota ngati chipsera, koma ukakokedwa sunkaduka.

"Mwanangu, zija... si mpanda ayi. Ndi msomali wa pabenchi."

"Ndikudziwa, bambo. Unandikola ndikudzuka."

"Nanga bwanji osanena?"

"Mukayamba kukalipa simumva."

Anayankhula mopanda mkwiyo, ngati akungonena kuti kunja kuli mitambo, ndipo n'zimene zinawalasa kwambiri. A Randa anafuna kupepesa bwinobwino, koma pakamwa panangotuluka kuti, "Tayesa kuvala."

Kamphepo anaivala, ananjuta, anadumpha. Msoko unagwira.

"Ikukanda pang'ono, koma bola," anatero, n'kutuluka kukathamanga ndi anzake.

A Randa anaima pageti n'kumamuyang'ana akutsika msewu. Liwiro linali lomwe lija, koma dzanja lake linkangobwerera pantchafu, kufufuza ngati msoko udakalipo.