Bokosi la machesi la mlongo wanga

Bokosi la machesi lija ndimalikumbuka kuposa nkhope ya bambo, amene nthawiyo anali kunkhondo ya azungu. Linali lopanda machesi, lonyowa pakona, ndipo linabwera kwathu ku Nsaru m'thumba la malaya a amalume, mvula ili pakati, fodya akuyamba kuthyoledwa.

Mlongo wanga wamng'ono anali atadwala kuyambira mvula yoyamba. Mapazi anatupa, m'zikope munayera ngati ufa, ndipo tikangomusiya yekha timamupeza akunyambita dothi la pakhoma. Amalume anamubereka mpaka kuchipatala chamishoni, ulendo wa theka la tsiku. Adiresa akumeneko, wothandiza dokotala, bambo wachikuda wovala chijasi choyera, anati mwina ndi njoka zam'mimba, koma mankhwala anali ochepa chifukwa cha nkhondo, ndipo ankamwetsa okhawo amene mazira a njoka aoneka pa makina. Choncho anapereka bokosilo kuti tiikemo chimbudzi cha mwanayo pang'ono, tibwere nalo.

Amayi analiyang'ana bokosilo ngati kalata yamaliro. Kwathu zotuluka m'thupi la wodwala sizipatsidwa kwa mlendo. Zimakwiriridwa, kuopa kuti wina angatengere pomwepo kamoyo kotsalako. Amayi anasinkhasinkha masiku awiri, kenaka anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Nonse munatuluka m'mimba imodzi, mumadya mbale imodzi. Zako ndi zake zomwezo, eti?"

Ine ndinavomera ndi ulemu wonse. Ndalephera zinthu zambiri pa moyo wanga, kuphatikizapo koleji yauphunzitsi imene ndinaisiya isanandisiye, koma ntchito ya tsiku limenelo, yoika zanga m'bokosimo, ndinaigwira mosakayika ndi mosachedwa. Amalume sanauzidwe kanthu. Ananditenga kuti ndiwanyamulire chimanga chokazinga, ine ndikunyamulanso mbiri yanga yonse m'bokosi lokulungidwa ndi tsamba la nthochi.

Makina aja ankawatcha maikulosikopu, ngakhale ife tinkangoti diso la adiresa. Anali chitoliro chamkuwa choimirira pa mwendo umodzi, chokhala ndi kagalasi kozungulira pansi kotapira dzuwa. Popanda dzuwa sichinkaona, ndiye tinakhala pakhonde ndi odwala ena tikudikira mtambo uchoke, fungo la mankhwala otsukira mabala likutiboola mphuno. Dzuwa litatuluka, adiresa anatapa ndi kamtengo, anasungunula ndi dontho la madzi pa galasi lopyapyala, nayamba kupotokola kagudumu, diso limodzi atatsinzina. Anayang'ana nthawi yaitali. Anapakanso galasi lachiwiri. Munthu ameneyo sanali waulesi, ndipo mpaka lero ndilibe naye mlandu.

"Mulibe kanthu," anatero. "Mwanayu vuto lake si njoka. Kamupatseni chiwindi ndi masamba."

Poona kuti ndatong'ola maso, anandikweza pa mpando kuti ndisuzumire. Ndinaona mwezi wathunthu wachikasu, muli tizidutswa tangati udzu woyandama pa chithaphwi, tonse tili phee. Sindinaonepo chinthu chokongola chotero chochokera kwa ine, ngakhale pambuyo pake. Chimene adiresa sakanadziwa n'chakuti m'chilimwe chapitacho aphunzitsi anatiimika pamzere kusukulu, natimwetsa mankhwala owawa a njoka omwewo. Ine ndinali wotsukidwa kale ngati mbiya. Mlongo wanga anali asanafike msinkhu wa sukulu.

Amayi atamva zoti mulibe kanthu anaomba m'manja. Anapha nkhuku yawo yomaliza, chiwindi nkupatsa mwana. Mwanayo anadya pang'ono, nabwerera kudothi lake. Nkhope inayamba kutupa, maso kuchepa, mpweya kumveka ngati munthu akukwera chulu. Anamwalira chimanga chili ndi ndevu zofiira, m'mawa, amalume ali kuchigafa akusoka fodya.

Pamaliro ndinkafuna anthu adziwe kuti m'banja mwathu muli munthu amene anasuzumira m'diso la adiresa. Ndinayamba kufotokozera azimayi okhala m'siwa kuti m'mimba mwanga muli mwezi, kuti adiresa anayang'ana kawiri osapeza kanthu. Amalume anali pakhomo. Anatembenuka pang'onopang'ono.

"M'mimba mwa yani?"

Amayi ananditseka pakamwa ndi dzanja, mwamphamvu mpaka dzino linandicheka mlomo. Dzanjalo linkanunkha utsi. Ine ndinaganiza kuti ndalakwa chifukwa nkhani zakuchimbudzi sizikambidwa pamaliro, ndipo ndinapepesa.