Tsiku limene ndege inanditsatira

Zimene wandionetsa pafoni pakozo, ndege zotulutsa utsi wofiira, ukuti n'kunja kumene amazionetsa kwa ogula ngati mbuzi pamsika. Kunonso zinachitikapo, kungoti ndege yake inali imodzi. Lemba momwe ndikunenera, usandikonzere mawu.

Nthawi imeneyo ndinkathyola tiyi pa esiteti. Agogo ako aamuna anali atamwalira, ine ndili m'nyumba ya kampani kukomboni ndi ana anayi, mayi ako ali wachiwiri. Kwathu ku Mphuka ndinalibe munda ngakhale chisakasa. Mng'ono wanga ankakhala khomo loyandikana, mimba itakula kale, koma dengu ankaberekabe.

Ndiye kunabwera mzungu ndi kandege kachikasu kothira feteleza kuchokera m'mwamba. Ankafuna mabwana a maesiteti akagule, basi anawaitana onse, ena mpaka a ku Mulanje. Anawakhomera tenti pachitunda, mipando, zakumwa, magalimoto ndandanda. Akazi asanu ndi mmodzi, ine ndi mng'ono wanga momwemo, anatichotsa pa gulu n'kutipatsa mbendera zoyera zomangirira kunsungwi zazitali. Akapitawo athu, bambo wamfupi wovala jombo, anatiuza kuti woyendetsa ndegeyo mizere ya tiyi saiona, amangolunjika pamene pali mbendera n'kutsegula feteleza. Anamaliza ndi mawu awa: "Amene asunthe pamalo pake, mawa m'nyumba ya kampani atuluke."

Ine ndinakumba zidendene m'dothi.

Ndegeyo inabwera pansipansi, iwe, moti mphepo yake inandivula duku. Feteleza anatigwera ngati matalala, kumaso, m'makutu, ndipo pakhungu la thukuta amawotcha ngati tsabola. Mzungu uja ataona kuti mabwana akuomba m'manja anayamba matama. Amakwera n'kutembenuka chagada, kenako n'kutsika molunjika ife ngati mphamba waona anapiye.

Ulendo wachitatu mng'ono wanga analephera. Anataya mbendera n'kuthawira kuchitunda kuja, n'kukagwa m'munsi mwa tenti. Akapitawo anamulondola ndi ndodo ija timayezera msinkhu wa tiyi. Anamumenya kumsana. Anamumenya pamikono, iye atafungatira mimba. Usabise, lemba kuti ndinaima. Ndodo yoyamba ndinaima, yachiwiri ndinaima, yachitatunso, ndikuganiza koti ndikagoneke ana anayi. Koma nditaona jombo yalowa m'nthiti, miyendo inanyamuka yokha.

Mbendera sindinaitaye ayi, sizinandibwerere n'komwe m'mutu. Ndinathamanga nayo ili m'mwamba, ndipo ndege inali ikubwera kumbuyo kwanga. Mzungu uja anachita zimene anazolowera, anatsata mbendera. Feteleza yense anakhuthukira pa ife, patenti, pamagalimoto, m'matambula a mabwana. Mipando inagwa, anthu a mataye akukwawa.

Ine ndinali nditafika. Ndinawamenya akapitawo ndi nsungwi ija pakhutu mpaka inang'aluka, ndipo nsungwi yong'aluka imacheka ngati lezala. Kachiwiri inawatsegula tsaya, magazi mpaka m'kolala. Anandigwira pakhosi n'kundipatsa chibakera pakamwa. Mano awiri akusowa apawa anatsala m'tiyi mmenemo. Tinagwera pansi tonse, feteleza akulowa m'mabala, ine n'kupeza chala chawo chachikulu mkamwa mwanga. Ndinaluma mpaka ndinamva fupa.

"Ndisiye, mfiti iwe," iwo akutero.

Ndikanayankha bwanji, pakamwa pali podzaza?

Alonda atatu ndi amene anandikanganula, wina akundiponda pamsana. Anandimanga manja ndi duku langa lomwe n'kundiponya m'ngolo ya thirakitala ngati thumba la masamba, n'kukanditula kukomboni. Mng'ono wanga anamutengera kuchipatala cha pa esiteti. Mwana anabadwa sabata yomweyo, kakang'ono ngati botolo, koma kanakhala moyo. Ndi malume ako aja amakonza njinga. Nyumba yawo sanawalande, chifukwa amuna ake ndi amene ankayendetsa thirakitala, ndipo panalibe wina wodziwa.

Kwa ine mmawa mwake kunabwera akalaliki ndi alonda. Anazula chitseko n'kuchinyamula, mphasa ndi mapoto n'kuponya pabwalo. Azimayi a pakomboni ankasuzumira pamawindo, osatuluka, ndipo sindiwada, nawonso anali ndi ana. Mmodzi yekha, mayi wachilomwe wokalamba, anabwera n'kundithandiza kumanga katundu, akutukwana chapansipansi m'chilankhulo chathu.

Tinayenda wapansi mpaka ku Bvumbwe, milomo yanga itatupa moti madzi ndinkamwera pambali. Mayi ako anasenza mapoto, wamng'ono ndinam'bereka. Mayi wina wogulitsa tomato pamsewu anatilola kugona m'khitchini mwake, mbuzi zake mbali ina, ife mbali ina. Tinakhalamo mpaka mvula inatha.