Dzina Limene Mayi Luo Sanatchule

Mayi Luo amagulitsa mazira owiritsa m'tiyi potsikira kangolo konyamula anthu koyenda m'mwamba pawaya, tsidya lino la phompho. Ine ndimaotcha chimanga pambali pawo, ndipo takalambira limodzi pamenepa.

Amuna awo, a Tan Degui, anali amtengatenga. Waya asanabwere, mchere, simenti, ngakhale alendo otopa ankawoloka phompholi pamapewa awo. Kangolo katabwera ntchito inatha, ndipo mkuluyo analumbira kuti sadzakakwera, ati n'kabokosi ka alesi. Makani ake anali osasimbika. Anakalamba akutsika ndi kukwera masitepe amiyala, kangolo kakudutsa pamutu.

Anamwalirira kuchipatala, tsidya lija, ndipo mtembo wawo unawotchedwa komweko. Kwathu kuno ukamawolotsa phulusa la munthu pamtsinje, wachibale amamuitana ndi dzina lake lonse n'kumuuza kuti tikuwoloka, apo ayi mzimu umatsala. Mwana wawo Yanzi anali adakali m'njira kuchokera kumzinda, ndiye woitana anali mayi ake. Koma Mayi Luo, monga akazi ambiri a msinkhu wathu, dzina la amuna awo anali asanalitchulepo chikwatiwire. Ankangoti "bambo a Yanzi", akakwiya "inu apo".

Miyendo yawo sikanatha masitepe, choncho tinakwera kangolo, iwo atafukata mtsuko wa phulusa. Anatiphatikiza ndi alendo ongoseka ndi kujambulana, ndipo ine mtima unawira. Mtsinje utaonekera pansi, ndinawakodola.

"Aitaneni, achemwali. Ndi pano."

Anatsegula pakamwa, nayang'ana alendo aja. Chimene chinatuluka ndi "Bambo a Yanzi, tiyeni", chapansipansi. Pomwe ankalimba mtima kuti ayesenso n'kuti chitseko chikutseguka tsidya lino.

Ndinawauza kuti munthu woitanidwa choncho moyo wake wonse sangalephere kumva. Wansembe wa pakachisi ananenanso zomwezo, koma iwo sakhulupirira. Akuti anamukweza mkuluyo chinthu chomwe ankadana nacho, kenako n'kulephera kumuitana, ndiye wamakani ngati uja akanatsatira bwanji? Ndikamawamva misozi imangolengeza.

Chaka chino Yanzi anabwera kudzawatenga kuti akakhale naye kumzinda, poti chifuwa chawavuta. Anapempha mpaka kugwada. Mayi ake anangopitiriza kutembenuza mazira mumphika.

"Pita wekha, mwana wanga," anatero. "Bambo ako akadzawoloka, adzapeza ndani pakhomo?"