Pemphero la Aphunzitsi Vethanayagam Padoko

Aphunzitsi Vethanayagam ankatiphunzitsa sayansi ndi Baibulo pasukulu ya mishoni ya anyamata ku Jaffna. Anali munthu wamtali, woonda, wa suti yoyera ndi ambulera yakuda. Bambo awo ndi amene analowa Chikhristu. Mayi awo anabatizidwa nawo tsiku lomwelo, koma kanyale kawo kopempherera milungu ya makolo anangokasamutsira kuseri kwa matumba a mpunga, ndipo kanayakabe kumeneko mpaka imfa yawo.

Mdani wamkulu wa aphunzitsiwa anali Rahu, nyenyezi yosaoneka ya tsoka ya m'chipembedzo cha makolo athu. Kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti tsiku lililonse lili ndi kanthawi kake ka tsoka, kotchedwa nthawi ya Rahu. Lolemba kamagwa m'mawa, Lachitatu masana, Loweruka dzuwa litakwera pang'ono. M'kanthawi kameneko munthu sayamba ulendo, sakwatitsa mwana, sagula ng'ombe. Aphunzitsi Vethanayagam ankati umenewu ndi mdima wa anthu osapita kusukulu, ndipo sabata sinkatha osaudzudzula.

"Iwe Kuhan, imirira. Rahu amalemera bwanji?"

"Sindikudziwa, aphunzitsi."

"Ndani anamuonapo?"

"Agogo anga akuti..."

"Agogo akowo ali ndi satifiketi yanji? Khala pansi."

Anthu ankawatama kwambiri. Lolemba ankafika pasukulu kusanache, mlonda asanatsegule chipata, ndipo makolo ankati onani khama. Lachisanu chakumasana sankalembetsa mayeso, ati ubongo wa mwana umafuna kupuma, ndipo makolo ankati onani chifundo. Tsiku la ukwati wawo anachedwa kutchalitchi mpaka mkwatibwi analira, chifukwa akuti batani la kolala linasowa. Palibe amene anaikapo zinthu zimenezi pamodzi n'kuona kumene zinkaloza.

Chaka chathu chomaliza, wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu anapuma pantchito. Aphunzitsi Vethanayagam anali ataudikira mpandowo mpaka imvi. Woupereka anali mkulu wa sukulu, Abusa Gnanapragasam, amene anaphunzira kunja ndipo ankadziwika kuti anang'ambapo kabuku ka openda nyenyezi ali paguwa. Munthu woopa Rahu sakanamupatsa ngakhale makiyi a kabati ya choko. Ndiye abusawo atalengeza kuti apita nawo paulendo wa kalasi lathu wa kuchilumba cha Neduntheevu, umene aphunzitsi Vethanayagam ankakonza, tonse tinadziwa kuti amene akukalemba mayeso si ife.

Ine, Kuhan ndi Jeyam tinali titaulota ulendowu kuyambira tili aang'ono. Pachilumbapo pali akavalo am'tchire, ndipo Jeyam anali atalumbira kuti akakwera mmodzi popanda chingwe.

"Iwe amene njinga imakugwetsa itaima?" anatero Kuhan.

"Udzaona, galu iwe."

Kuhan anabwereka wotchi ya amalume ake kuti akaoneke munthu pachithunzi.

Linali Loweruka. Aphunzitsi anakonza kuti tikakwere boti la mbandakucha, ati nyanja imakhala yodekha. Koma basi yathu inaphulika tayala pamsewu wodutsa pamadzi, ndipo tinafika padoko dzuwa litakwera. Boti loyamba linali litapita kalekale. Lachiwiri, lomaliza la tsikulo, linali likupakira amayi a madengu a anyezi, matumba a simenti ndi mbuzi imodzi. Mayi aliyense kwathu angakuuzeni kuti kuponda m'boti ndi kuyamba ulendo watsopano, ndipo nthawi ya Rahu inali itangoyamba kumene.

Ndinali pafupi ndi aphunzitsi. Ndinawaona akuyang'ana wotchi yawo, kenaka madzi, kenaka mitu yathu umodzi umodzi. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira. Munthuyu ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akatikweza m'botimo atimiza, ndipo sakanatha kunena zimenezo abusa ali chiimire pambali pawo.

"Kwerani, bwana aphunzitsi!" anafuula woyendetsa boti, mkulu wa mimba yaikulu, phulusa lopatulika lili mbuu pamphumi. "Mafuta akupsa awa!"

"Dekhani, achimwene. Awa ndi ana a sukulu, si anyezi. Anyamata, pamzere! Wamfupi patsogolo!"

Tinafola. Anati mzerewo wapindika, tifolenso. Anayendera zikhadabo zathu. Kenaka anatola chikhokho cha kokonati n'kuyamba phunziro la chifukwa chimene boti limayandamira, ndipo anafunsa mafunso atatu amene anadziyankha okha.

"Aphunzitsi," anatero mayi wina ali m'botimo, "mayeso akalembere kutsidya. Anyezi anga akuphukira muno."

Ndinayang'ana abusa. Ndinkayembekeza kuti akalipa, poti anali munthu wosunga nthawi. Koma anangoima, manja kumbuyo, akuyang'ana mbalame.

Sayansi itatha, aphunzitsi anavula chipewa.

"Tipemphere."

Sindinamvepo pemphero lotere. Anapempherera ulendo wathu ndi makolo athu. Anapempherera boma, nduna imodzi imodzi. Anapempherera amishoni oyamba amene anamanga sukulu yathu, ndi akazi awo amene anafa ndi malungo. Anakumbutsa Mulungu za Yona, za Nowa, za Paulo pamene chombo chinasweka, ngati kuti Mulunguyo sanaliko. Woyendetsa boti analiza hutala. Aphunzitsi anamupempherera nayenso, pamodzi ndi injini yake.

"Afika pa mbuzi tsopano," ananong'ona Jeyam.

Anafikadi pa mbuzi. Kenaka mawu anayamba kuwathera. Anabwereza amishoni aja, anatsokomola, ndipo tinamva Amen ikubwera ngati basi yotulukira pakona. Kuhan anali atanyamula kale chikwama chake.

"Ndiponso, Ambuye," anatero mawu ena aakulu.

Anali abusa. Anaulandira mtolo wa pempherowo usanagwe pansi. Anayambira ku Genesis, pamene madzi analekanitsidwa ndi mtunda, ndipo sanafulumire. Abusawo atatopa, aphunzitsi anayambitsa nyimbo, ndipo tinaimba ndime zonse, ngakhale zija timazidumpha kutchalitchi. Nyimbo itatha abusa anati tikhale chete pamaso pa Ambuye.

"Akhristu inu!" anakuwa woyendetsa boti. "Ine wa Rahu ndikupita. Inu opanda Rahu tsalani!"

Tinamva chingwe chikugwera m'madzi, injini ikukwera mawu, mbuzi ikulira motalikira. Palibe amene analoledwa kutsegula maso, koma tonse tinaona. Boti linachepa, linachepa, mpaka linasanduka kadontho kolunjika kumene migwalangwa ya pachilumba inkaonekera ngati tsitsi la pamkono.

Aphunzitsi anali atayambanso kupemphera, tsopano motsitsa. Kuhan anali akulira ndi ukali. Anayang'ana wotchi ya amalume ake n'kulankhula mokweza, mawu amene anamveka doko lonse.

"Aphunzitsi, nenani Amen basi. Rahu wadutsa."

Aphunzitsi Vethanayagam anatuwa nkhope ngati suti yawo. Zaka zonse zija za kudzuka usiku, ulaliki wonse uja, mpando uja, zonse zinali zitagwera m'madzi pamaso pa abusa. Ngakhale ife amene anatilanda chilumba tinawamvera chisoni.

Abusa anali chitsinzinire, manja ali pamodzi pachifuwa, nkhope ya wotchi yawo itatembenukira m'kati.

"Wotchi yakoyo ikuthamanga, mwana iwe," anatero. "Kwatsala pang'ono."

Atatero anamva okha zimene ananena. Anatsegula maso pang'onopang'ono. Aphunzitsi nawo anatsegula awo. Sanayang'anane. Wina anayang'ana nyanja ya kumanja, wina ya kumanzere, ndipo anakhala choncho mpaka pang'ono pajapo panatha. Kenaka onse awiri anati Amen, pamodzi, ngati anachita kupangana.

Tinadyera padoko pomwepo mpunga wathu wokulunga m'masamba a nthochi ndi nsomba za tsabola. Jeyam anati akavalowo achita mwayi. Kuhan anamuponyera mutu wa nsomba. Akuluakulu awiri aja anakhala pathumba la simenti limene boti linaiwala, ambulera imodzi itawaphimba onse, ndipo ine ndinatumidwa kuwapatsira madzi osamba m'manja.

"Bambo Vethanayagam," anatero abusa akuchotsa minga m'nsomba, "mukudziwa kuti wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu ndi amene amakonza kalendala ya sukulu. Mayeso, maulendo, tsiku loika mwala wa nyumba yatsopano. Imafuna munthu wosamala."

"Ndidzayesetsa, abusa."

"Nanga ulendo wa chaka chamawa?"

"Lachitatu m'mawa, abusa. Nyanja imakhala yodekha Lachitatu."

"Inenso ndinamva choncho."

Mpando uja aphunzitsi Vethanayagam anaupeza n'kuukhala mpaka anapuma pantchito, ndipo nkhani ya mphunzitsi amene analola boti kupita kusiyana ndi kudula pemphero inalalikidwa m'matchalitchi angapo. Ife chaka chamawacho sichinatikhudze, tinali titamaliza sukulu. Kuhan anakwapulidwa zikoti zinayi chifukwa cholankhula nthawi ya pemphero.